Mudzi Woletsedwa Kuchira

Ufumu wa Tidzaona simungaupeze pa mapu, ndipo musavutike n'kufunsa aphunzitsi. Koma mukadzafika kudziko kumene zikwangwani za chitukuko n'zambiri kuposa chitukukocho, dziwani kuti mwafika. Mfumu yake ndi a Ndamvakale Achiwiri, munthu wa mtima wabwino ndithu, kungoti makutu awo amatseguka pokhapokha wolankhulayo akavala tayi.

Kum'mwera kwa ufumuwo kunali midzi iwiri yoyang'anana, pakati pake pakudutsa mtsinje wa Chithaphwi. Mtsinjewu unali zonse. Ng'ombe zinkamwa momwemo, matewera ankachapidwa momwemo, madzi akumwa ankatungidwanso momwemo. Mvula ikangoyamba, ana a midzi iwiriyi ankatsegula m'mimba ngati achita kupangana. Ena ankadzuka. Ena ayi.

Nkhaniyi inayenda wapansi zaka zambiri, ndipo itafika kulikulu mfumu inaitanitsa bwalo la nduna.

"Anthu anga akumwa matope," inatero mfumu. "Tiwakumbire mijigo. Tsidya lino umodzi, tsidya linalo umodzi."

Nduna zinawomba m'manja, zina zili m'tulo. Koma a Kapalamula, Nduna ya Zoyeza ndi Zoyezanso, anaimirira n'kukonza jekete. Iwowa anali atangobwera kumene kuchokera kunja, kumene anakaphunzira kuunika ntchito za chitukuko, ndipo chibwerereni sankadya nthochi asanaifunse cholinga chake.

"Mfumu yanga, mukhale ndi moyo wautali. Koma tikakumba iwiri, tidzadziwa bwanji kuti mjigo umathandiza?"

"Ana akasiya kudwala."

"Nanga akasiya okha? Nanga ikakhala mphepo yasintha? Abwenzi athu akunja amene amatigulira mapaipi safuna nkhani zam'maluwa, mfumu. Amafuna umboni. Njira yamakono ndi iyi: timatenga midzi iwiri yofanana ngati mapasa. Wina timaupatsa mjigo, winawo sitiupatsa kanthu. Pakapita zaka, timawerenga odwala uku ndi uku. Kusiyana kwakeko ndiye chitukuko."

"Nanga osapatsidwawo?" inafunsa mfumu.

"Amenewo ndiye ofunika kwambiri. Popanda iwo, tidzadziwa bwanji kuti enawo akusangalala?"

Zimenezi ine ndinazimvetsa msanga, chifukwa kusukulu tinachitapo zofanana nazo. Tinadzala nyemba m'zitini ziwiri, china n'kuika pawindo, china n'kutsekera m'kabati ya aphunzitsi. Ya m'kabati inamera yoyera mbee, yowonda, khosi litapindika kufunafuna kuwala. Tonse tinajambula m'makope n'kukhoza. Chimene sindinauze munthu n'chakuti ndinkaimvera chisoni. Koma ija inali nyemba.

Anachita maere pabwalo la mfumu, m'chipewa cha a Kapalamula omwewo. Mudzi wakum'mawa kwa mtsinje unapambana, ndipo anautcha Mwalandira. Wakumadzulo anautcha Dikirani. Mayina akale anawaletsa, poti akuti ankasokoneza malipoti.

Ku Mwalandira kunabwera mjigo wabuluu, chikwangwani chachikulu kuposa chitseko cha tchalitchi, komiti ya mjigo, ndi komiti ina yoyang'anira komiti ya mjigoyo.

Koma wina asakunamizeni kuti a ku Dikirani anaiwalidwa. Iwowa ndiye ankalandira alendo kuposa anzawo. Mwezi uliwonse kunkafika galimoto yoyera, n'kutsika anthu oyeza. Ankapachika sikelo pamtengo wa mango, n'kumalendewetsa ana mmodzimmodzi ngati nyama ya pabutchala. Ankawakulunga kachingwe pamkono, kuwasuzumira m'maso, kenako n'kufunsa amayi awo mwaulemu kwambiri kuti mwanayu watsegula kangati.

"Mankhwala mwabwera nawo?" anafunsa mayi wina ulendo woyamba.

"Ayi, mayi. Ife ndife oyeza."

"Ndiye mukamuyeza achira?"

"Kuchira ayi. Koma adziwika."

Kuyambira pamenepo a ku Dikirani ankanyadira pamsika kuti kwawo mwana samwalira chisawawa, amapita akudziwa kulemera kwake.

Tsono panali chinthu chimodzi chimene chipewa cha a Kapalamula sichinkadziwa. Midzi iwiriyi inkakwatirana chikhalire. Amuna ambiri a ku Dikirani anali akamwini ochokera tsidya linalo. Mmodzi mwa iwo anali Dafuleni, wokonza njinga, munthu wofatsa amene ankapepesa ngakhale wina akamuponda phazi. Iyeyu anabadwira ku Mwalandira, koma monga mwa mwambo ankakhala kwawo kwa mkazi wake Mereya. Anali ndi mwana mmodzi, Sungeni, wongoyamba kumene kuima chogwira khoma.

Mvula ya chaka chimenecho itagwa, Sungeni anayamba kutsegula. Mmawa wina Mereya anatuluka naye m'nyumba n'kupeza mwamuna wake akumata chubu pakhonde.

"Bambo a Sungeni, tamuonani mwanayu. Maso alowa."

"Ndamuona, amake mwana. Oyeza aja abwera sabata yamawa."

"Abwera ndi chingwe. Mwanayu amwe chingwe? Inu kwanu kuli mjigo. Mukapita kukaona amayi anu mumabwerako milomo ili nyowe, mukugeya madzi abwino. Njinga imeneyo ndi yonyamulira mphepo?"

Dafuleni anapopa tayala, n'kumangirira zigubu ziwiri, n'kuoloka ulalo. Kwawo palibe anamufunsa, poti mwana wa m'mudzi safunsidwa akamatunga madzi. Mawa lake anapitanso, mkuja chimodzimodzi. Sungeni anayamba kuyamwa ndi mphamvu, kenako n'kuyambiranso kukoka mchira wa galu.

Akamwini anzake ataona zimenezi, nawonso anakumbukira kuti kwawo ali ndi amayi ofunika kuwaona tsiku ndi tsiku. Mmawa uliwonse pa ulalo pankadutsa mzere wa njinga, zigubu zikugundana ngati ng'oma.

Oyeza atabweranso, sikelo inaonetsa kuti ana a ku Dikirani alemera. Anaimenya mbama sikeloyo, n'kuyezanso. Anakatenga ina kulikulu. Nayonso inanena zomwezo. Uthenga unafika kwa a Kapalamula ngati wa maliro, ndipo anathamangira kwa mfumu tayi ili paphewa.

"Mfumu, atipweteka! Mudzi wa Dikirani wayamba kuchira popanda chilolezo!"

Anamugwira Dafuleni pa ulalo n'kupita naye kubwalo, njinga ndi zigubu zomwe ngati umboni.

"Munthu uyu," anatero a Kapalamula akumuloza ndi cholembera, "wakhala akuzembetsa madzi abwino kulowetsa m'mudzi wosayenera. Wadetsa kafukufuku wa dziko. Ana a uku akanenepa, a uko akanenepa, ife tikaonetsa chiyani kwa abwenzi athu? Ana onenepa okhaokha?"

"N'zoona zimenezi, mwana wanga?" inafunsa mfumu.

Dafuleni anagwada, chipewa chili m'manja. "N'zoona, mfumu, pepani. Koma ine kwathu ndi ku Mwalandira. Mchombo wanga unakwiriridwa komweko. Njerwa za pamjigo paja ndinaumba nawo."

"Ndiye uzimwa," anatero a Kapalamula. "Wakuletsa kumwa ndani?"

"Si ine, bwana. Ndi mwana wanga. Amadwala."

Mawu akuti mwana wanga anadzutsa a Chidzalo, Nduna ya Miyambo, amene chilandirireni udindo anali asanafunsidwepo kanthu. Anapukuta dovu, n'kuimirira mokondwa.

"Mwana wako? Iwe mnyamata, unaleredwa kuti? M'dziko muno mwana ndi wa mbumba ya mayi ake. Bambo ndi wobwera. Mayi ake ndi a ku Dikirani, ndiye kuti mwanayo ndi wa ku Dikirani."

"Ndipo mimba yake ndi ya kafukufuku," anamalizitsa a Kapalamula.

Mfumu inaona kuti nduna ziwiri zagwirizana, chinthu chosowa, ndiye inagamula msanga zisanasinthe maganizo. Dafuleni akhoza kumwa pamjigo mmene angafunire, koma madziwo azioloka mtsinje ali m'mimba mwake. Zigubu anamulanda. Njinga anamubwezera, atachotsa belu.

Tsiku la msika, mneneri wa mfumu anakwera pa ngolo pamsika wa Tsitsaniko n'kulengeza lamulo. Anthu a ku Dikirani akhale monga analili, mpaka kafukufuku adzathe. Kukumba chitsime n'koletsedwa. Sopo ndi wochapira zovala, osati manja. Kuphitsa madzi akumwa n'kololedwa kwa okhawo amene ankaphitsa kale, ndipo abwere ndi mboni.

"Nanga tiyi, achimwene?" anafuula mayi wogulitsa mandasi. "Tizimwa wosaphitsa?"

Mneneri anatembenuza pepala lake uku ndi uku. "Tiyi ndi wa akuluakulu. Mwana akapezeka ndi kapu yofuka nthunzi, mayi ake akayankha kubwalo."

"Nanga mvula ikagwa, ife n'kutchera ndowa padenga?" anafunsa bambo wina wosoka nsapato.

"Za mvula bwalo likukambirana."

"Mukailembere kalata," anatero wosoka nsapato uja. "Imamva ikaona sitampa."

Anthu anaseka, koma alonda anabweradi. Ena anakhala pa ulalo, kugwedeza botolo lililonse, kufinya ngakhale matawulo. Ena ankayenda m'makomo a ku Dikirani kugwira maketulo ndi kuseri kwa dzanja ngati akuyeza malungo. Mereya anabwerera kumtsinje ndi ndowa yake. Pasanapite nthawi, Sungeni anasiya kukoka mchira wa galu. Anasiyanso kulira, chimene chinaopsa mayi ake kuposa zonse.

Msika wotsatira Mereya anabereka mwana, n'kuuza mwamuna wake kuti atsatire. Anapita molunjika pabenchi ya a Jelasi, amalume ake, mwinimbumba wa banja lawo, amene ankagulitsa matemba. A Jelasi masiku amenewo ankayenda chifuwa chili patsogolo, chifukwa anali atasankhidwa kukhala wapampando wa Komiti Yodikira. Anawapatsa tisheti yolembedwa kuti Kudikira ndi Chitukuko, ndipo ankaivala ndi kumaliro komwe. Dafuleni, poopa apongozi, anaima patali kuseri kwa mulu wa tomato.

"Amalume, ndabwera ndi nkhani."

"Nkhani pamsika? Yamba wagula matemba."

"Mundilole ndipite chitengwa. Ndikakhale kwawo kwa bambo a Sungeni."

A Jelasi anasiya kuingitsa ntchentche. "Wati chiyani? Iwe Mereya, m'banja mwathu chiyambire palibe mkazi anatengedwapo ngati mbuzi ya pamsika. Amuna ndi amene amabwera kwa ife. Nanga dimba langa alime ndani? Akamwini amene aja ndinawaphunzitsa ndekha kuunga mizere, lero apite nalo luso langa tsidya lina?"

"Mwana akudwala, amalume."

"Ana onse akudwala. Ndiyo ntchito yathu imeneyo. A nduna anandigwira chanza, dzanja ili, n'kundiuza kuti mudzi wathu ndi msana wa kafukufuku. Ndiye wapampando ayambe ndi iye kuthawitsa mbumba? Anthu adzati chiyani?"

Mereya anamasula nsalu, n'kutsitsa Sungeni kumsana, n'kumugoneka pabenchipo, pakati pa milu ya matemba.

"Tayang'anani, amalume. Uyu ndi awa, wouma kwambiri ndani?"

Kenako mayi Nasibeko, ogulitsa tomato aja, analankhula osakweza mutu.

"Muikeni mtengo, a Jelasi. Mwina a nduna agula."

"Inu khalani chete, si za m'banja mwanu izi."

"Ndakhala chete, apampando. Ndikudikira. Si ndiye chitukuko?"

A Jelasi anayang'ana mwanayo nthawi yaitali. Anatambasula dzanja, lomwe lija linagwira chanza cha nduna, n'kutsina pang'ono khungu la pamimba pake. Khungulo linaima chilili, osabwerera. Anayang'ana kumbali, n'kumina, n'kupukutira m'tisheti ya komiti.

"Akamwini!" anaitana mokalipa. "Tulukani kuseri kwa tomatoko, ndakuonani kalekale. Mawa mubwere ndi ankhoswe anu. Ndi nkhuku. Osati yodwala, odwala atikwana."

Ndiye Mereya anaoloka ulalo masana dzuwa likuswa mtengo, mphasa pamutu, mwana kumsana, mapoto akulira pa njinga ya mwamuna wake. Mkulu wa alonda, wina wake wamasharubu dzina lake Bizaliyele, anatchinga njira ndi ndodo.

"Mwana ameneyo ndi wa kafukufuku. Akupita kuti?"

"Chitengwa, bwana," anayankha ankhoswe. "Amalume ake avomera, nkhuku yadyedwa. Kapena mufuna nthenga zake?"

Bizaliyele anagwedeza mapoto onse, n'kupeza kuti ndi ouma. Lamulo lake linkaletsa madzi kupita kwa anthu. Za anthu kupita kumadzi silinanene kanthu. Anatumiza funso kulikulu, koma a Kapalamula anali atapita kunja kumsonkhano wophunzitsa nduna kumvera anthu akumudzi. Funsolo linagwera m'manja mwa a Chidzalo, amene kukoma kofunsidwa kunali kusanawathere m'kamwa. Anayankha tsiku lomwelo kuti chitengwa ndi mwambo wa makolo, mfumu ndiyo mlonda wa miyambo, ndipo woletsa chitengwa akulimbana ndi mpando.

Sungeni anamwa madzi a pamjigo, agogo ake akuchimuna n'kumuthirira kamchere ndi kashuga monga anawaphunzitsira alangizi a zaumoyo. Maso anatuluka. Masaya anabwerera. Galu wa ku Mwalandira ndi amene anayamba kuona mavuto.

Zimene zinatsatira, akuluakulu a mbali imeneyo amazikambabe akuseka mpaka kutsokomola. Nkhuku zinatha m'midzi yonse iwiri. Mkamwini aliyense anatenga mkazi wake n'kuoloka. Atsikana a ku Dikirani amene ankakana anyamata a tsidya linalo chifukwa cha mano kapena ulesi, anaona kuti mano si kanthu. Amayi amasiye anapeza amuna, amuna amasiye anapezedwa. Nkhalamba ina yosayenda anainyamula pawilibala kukaikwatitsa kwa nkhalamba inzake yosamva, ndipo akuti banja limenelo ndi limene silinakanganepo. Amene analibe womukwatira ankapita kukaona wachibale wodwala n'kuiwala njira yobwerera.

Womaliza anali a Jelasi. Anakhala okha ndi mbuzi, akuchititsa misonkhano ya Komiti Yodikira pansi pa mtengo wa mango, kudzitsegulira ndi pemphero n'kudzitsekera okha. Kenako nawonso m'mimba munawapotokola. Anaoloka, n'kukwatira mayi wina wamasiye wolusa, n'kukhala mkamwini pa ukalamba. Masiku ano amaunga mizere m'dimba la eni, ndipo akuti amawabweza kuti ayambirenso.

Oyeza sanasiye kubwera ku Dikirani. Ankapachika sikelo pamtengo paja, n'kudikira, n'kudya mango. Palibe ankabwera. Pafunso lakuti ana odwala ndi angati, ankalemba kuti palibe. Pa lakuti amwalira angati, palibe. Funso lakuti m'mudzimo muli anthu kapena ayi silinali pa mafunso amene anapatsidwa, ndipo woyeza wophunzitsidwa bwino sawonjezera funso la m'mutu mwake. Komanso, kunena mosabisa, mudzi ukatha ulendo wa galimoto yoyera umathanso.

Nthawi ya kafukufuku itakwana, kulikulu kunachitika mwambo waukulu wa Tsiku la Zotsatira. Anakhoma matenti, anaitana magule, abwenzi akunja anakhala kutsogolo akudzipepesera mphepo ndi mapepala. A Kapalamula anakwera pansanja atanyamula lipoti lonenepa kuposa mwana aliyense wa m'midzi iwiri ija.

"Mfumu yanga, alendo olemekezeka, umboni walankhula. Ku Mwalandira, kumene tinaika mjigo, tinapeza ana odwala ochuluka kuposa kale."

Zimenezi zinali zoona. Aliyense wooloka ulalo ankafika ndi mwana wodwala, ndipo ankalembedwa tsiku lofikalo. Zoti anachira pambuyo pake zinali za funso lina.

"Tinapezanso mikangano ya pamzere, ndowa zosweka, ndi dzino la mayi wina. Nyumba zapanikizana. Nkhuku zatha. Koma ku Dikirani, kumene sitinapereke kanthu!" Apa anaima kaye, n'kumwa madzi a m'botolo. "Ku Dikirani kulibe mwana wodwala ngakhale mmodzi. Kulibe maliro. Kulibe dandaulo. Oyeza athu akuti m'mudzimo muli bata loti sanalionepo kwina kulikonse."

Abwenzi akunja analemba mofulumira. Mfumu inakanda chibwano. Penapake mkati mwake kanthu kanagwedezeka, poti ndanena kale kuti inali ya mtima wabwino.

"Kodi anthuwo munawaona?"

"Mfumu, munthu wathanzi sakhala pakhomo. Amakhala ali kumunda."

Mfumu inagwedeza mutu, kanthu kaja n'kugonanso. Inaimirira n'kulamula kuti njira ya Dikirani, popeza yaoneka kuti ndi yothandiza komanso yosaboola thumba la boma, ifalikire mu ufumu wonse. Mijigo yonse ichotsedwe mahandulo. A Kapalamula anawaveka mendulo, ndipo mayiko atatu oyandikana nawo anawaitana kuti akaphunzitse.

Bizaliyele ndi anyamata ake anafika ku Mwalandira mmawa, atanyamula masipanala. Pamjigo panali mzere wa amayi monga mwa masiku onse. Mereya anali kutsogolo, ndowa yake itafika theka. Sungeni ankathamangathamanga m'matope a m'ngalande, akukuwa, mimba ili pamtunda.

"Mayi, chokanipo. Tabwera kudzachotsa matenda."

"Matenda ake ati, bwana?"

"Awa," anatero Bizaliyele akumenya mjigo ndi sipanala. "Umboni wapezeka. Chinthu ichi n'chimene chimakudwalitsani."

Amayi a pamzere anayang'anana. Mayi Nasibeko, amene nawonso anali atakwatiwa tsidya lino, anatula ndowa pansi.

"Zikomo potiuza, achimwene. Ife timangoona ana akunenepa, osadziwa kuti ndi kutupa."

"Nanga tsopano ofanizira, osapatsidwa kanthu aja, akhala ndani?" anafunsa wina kumbuyo.

"Nonse," anatero Bizaliyele. "Dziko lonse. Palibenso tsankho."

Mereya sanachoke. Anagwira handulo ndi manja awiri n'kupitiriza kujiga, maso ali pa mkulu wa alondayo.

"Mayi, ndati chokanipo."

"Ndidzaze kaye. Mwandipeza ndayamba."

Bizaliyele anayang'ana anyamata ake, n'kuyang'ana dzuwa. Anali atayenda mtunda wautali. Anawerama, n'kutchera manja pampopi, n'kumwa mpaka masharubu kudontha. Anyamata akenso anamwa, wina n'kudzazako kabotolo kake n'kubisa m'thumba. Ndowa ya Mereya itasefukira, anamasula mabawuti, n'kusenza handulo paphewa ngati mtembo wa mbuzi, ulendo wa kulikulu. Amayi ena onse anatola ndowa zawo zopanda kanthu n'kulunjika njira ya kumtsinje, imene inali itayamba kale kumera udzu.

Mereya anasenza ndowa yake pang'onopang'ono, osalola ngakhale dontho kugwa. Atafika kunyumba anaiika kuchipinda, n'kuvundikira ndi mbale, pamwamba pake n'kusanjikapo mwala. Dafuleni anaima pakhomo ndi chubu m'manja.

"Amenewa musakhudze, bambo a Sungeni. Osasamba, osaphikira tiyi. Ngakhale amayi anu apemphe. Ndi a mwana."

"Ndamva, amake mwana. Koma ndowa imodzi ifika naye pati? Mvula ili pafupi."

Sungeni anali atalowa, akukoka chitenje cha Mereya, akuloza kukamwa. Mayi ake anachotsa mwala, n'kutunga ndi kakapu kake kapulasitiki mpaka theka. Anakakweza m'mwamba n'kukayang'ana pa kuwala kwa pawindo. Kenako anapendeketsa dzanja, n'kubwezerako pang'ono m'ndowa.